Bwato silitula anthu pakati pa mtsinje

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi ndinene za mkangano umene unabuka pa vidiyo panga Loweruka lapitali, chifukwa mpaka lero anyamata a kabaza akundikuwizabe ndikamadutsa pa siteji. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Tindalama topumira tija ndinagulira TV, sola ndi batire, n'kumanga kashedi ka mabango ndi malata akale pano pa Bangula. Muli mabenchi asanu ndi atatu. Chimandidyetsa kwenikweni ndi mpira, koma m'kati mwa sabata ndimaonetsa chilichonse chimene mnyamata wobena mafilimu wandiikira pa fulashi.

Mwezi wathawu anandiikira sewero la azungu la magawo khumi, lonena za anthu asanu ndi mmodzi amene akwera chombo kupita ku dziko lina lakutali mumlengalenga. Dzina lake sinditchula, alipo ena sanalione, ndingawasukulutsire. Tinkaonera gawo limodzi patsiku, K200 pa mutu. Masiku oyamba shedi inkadzaza mpaka ana kusuzumira m'mipata ya mabango. Chombo chinayaka moto, wina anatuluka panja atamumanga chingwe m'chiuno kuti akakonze, chingwecho n'kutsala pang'ono kuduka. Anthu ankaimirira pa benchi. Koma kuyambira gawo lachisanu ndi chiwiri nkhani inayamba kuzizira, ndipo gawo lomaliza ndilo linadzetsa mlandu.

Pafupifupi ola lathunthu, ndewu ayi, mfuti ayi. Mayi wotsogolera ulendowo wakhala pawindo, watumiza uthenga kwa mwana wake amene anamusiya kuno kudziko, ndiye akudikira yankho. Kamera ili pankhope pake basi. Anzake akudya osayankhulana. Wina akupinda malaya a mnzawo amene anamwalira panjira, kupinda n'kufunyulula, kupindanso. Ngakhale womasulira m'Chichewa uja, munthu amene sasowa chonena, anafika pongoti "akuganizatu mayiwa" katatu konse. Kenaka chombo chinatera, fumbi linabuka, dzanja linagwira chitseko, TV bii, mayina a osewera n'kuyamba kukwera.

Anthu anayesa magetsi azima, mwina batire yatha. Nditawauza kuti ayi, kwatha n'komweko, shedi inatekeseka. Mnyamata wina anaimirira nati, "Aphunzitsi, bwezani ndalama zathu, sitinabwerere kudzaonera munthu akusinkhasinkha." Wina kumbuyo anakuwa kuti chombo chimenechi n'chimodzimodzi sitima ya ku doko la Nsanje, ndipo anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Nanenso ndinaseka, chifukwa ndinaliko mu Okutobala 2010 pamene malemu Bingu wa Mutharika ankatsegulira dokolo, a Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pompo, ife maso ali kumunsi kwa Shire kudikira sitima imene inali itagwidwa ku Mozambique. Amene anapindula usiku wa Loweruka ndi mayi a kunyumba okha, amene amagulitsa zitumbuwa pakhomo pa shedi. Anthu ankangotuluka kukagula poti m'katimo munalibe chowagwira, beseni linatha gawo lisanafike pakati.

Tsono ine maganizo anga ndi awa. Pa nkhani ya kuchedwa, opanga sewerolo sananame, ndipo ndinawauza anyamatawo ngakhale sanafune kumva. Zaka zimene ndinkaphunzitsa sayansi ku pulayimale, chimene chinkandivuta kwambiri kulowetsa m'mitu ya ana ndi kutalika kwa mlengalenga. Mwezi uwu timauona ngati uli pamwamba pa phiri la Mulaka, koma anthu a chombo cha Apollo 11 ananyamuka pa 16 Julaye 1969 n'kukatera pa 20. Umenewo ndi ulendo wa pakhomo. Chigalimoto chopanda munthu chotchedwa Perseverance chinanyamuka mu Julaye 2020, n'kukafika ku dziko la Mars mu Febuluwale 2021, miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri chili m'njira. Ukakhala ku Mars, mawu a pa wailesi amatenga mphindi zitatu mpaka 22 kuti afike kuno, malinga ndi pamene maiko awiriwa ali, ndiye yankho nalonso liyende ulendo womwewo. Kulibe zoti "halo, mukundimva?" Voyager 1, chombo chopanda munthu chimene chinanyamuka mu 1977, uthenga wake umatha maola oposa 22 usanafike. Ndipo kunjako kulibe mpweya wonyamula phokoso, choncho ziphokoso za mabomba zimene tinazolowera m'mafilimu ena a mumlengalenga ndi zongotikometsera. Munthu amene ali m'chombo chotere ntchito yake yaikulu ndi kudikira, ndipo sewero lofuna kunena zoona liyenera kutidikiritsa nafenso.

Usiku womwewo anthu atabalalika ndinabwereza gawolo ndekha, nditachotsa mawu a womasulira, udzudzu ukundimaliza m'miyendo. Ndinamva zimene sitinamve tili gulu. Mayi uja akudikira yankho, mpweya wake umamveka, ndipo chala chake chimagogoda pa tebulo ngati akuwerenga mphindi. Yankho litafika sanalitsegule msanga. Anayamba wapukuta manja pa buluku, monga amachitira munthu polandira kalata imene akuiopa. Zonsezi womasulira anazikwirira ndi nthabwala. Choipa china, kuyambira gawo lachisanu ndi chitatu iye ankangolonjeza kuti "dikirani, apa pafa munthu," pamene sewerolo silinanene zimenezo. Anthu anabwera atanola mano kudzadya nyama imene sinaphikidwe. Sindikunyoza omasulirawa, popanda iwo theka la shedi yanga silingamve kanthu, koma akaona pamene azungu akhala chete, nawonso aziyesako kutseka pakamwa.

Komabe ndikanati ndiimire pomwepa ndikanawalakwira anyamata aja, ndipo amene anandionetsa zimenezi ndi mkulu wina wopalasa bwato. Bamboyu wakhala akuwolotsa anthu kupita ku Makhanga kuchokera pamene madzi anadula msewu ndi njanji pa Mtayamoyo mu 1997. Sanaphonyepo gawo ngakhale limodzi, amakhala pa benchi yakutsogolo, chipewa pa bondo. Anthu akuchita phokoso iye anangokhala, ndipo atatsala yekha ndinamufunsa kuti, "Nanga inu madala, mwaliona bwanji?"

Anati mayi wa pawindo uja wamumvetsa bwino. Nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023, mwana wake wamkazi ndi adzukulu anali tsidya, mafoni osagwira, madzi osaoloka ngakhale kwa iye amene amaudziwa mtsinjewu ngati chikhatho chake. Anakhala masiku angapo pamtunda kungoyang'ana kutsidya, anthu akamuyankhula osamva. Ndiye kwa iye ola lija silinatalike. "Koma aphunzitsi," anatero akuvala chipewa, "ine munthu akandilipira ndimakamutula pa gombe. Sindimuimitsa pakati pa madzi n'kumuuza kuti mudzatsika chaka chamawa."

Mawu amenewa andikhala m'mutu sabata yonseyi. Ndikaganiza bwino, anyamata aja sanakwiye chifukwa cha kuchedwa kokha. Anapirira magawo atatu ozizira osapempha ndalama zawo. Ndi ana a kuno, kumene munthu amabzala chimanga ku dimba madzi akaphwa n'kudikira, amagulitsa thonje n'kudikira, amakwera minibasi ya ku Blantyre n'kukhala pa siteji mpaka idzaze. Anakwiya pamene dzanja linagwira chitseko koma chitsekocho osatseguka. Masiku khumi, K2,000 munthu mmodzi, ndalama yopalasa njinga pa dzuwa la kuno limene limasungunula phula pa msewu, funso lake linali limodzi lokha: kodi kunjako akapezako chiyani? Opanga sewerolo yankho analisunga dala kuti tidzabwerenso ku sizoni yachiwiri. Kumeneko si kunena zoona za mlengalenga ayi, ndi malonda. Ndipo ife oonetsa mafilimu tikudziwa kuti masewero ena otere amathera pomwepo, sizoni yachiwiri osapangidwa n'komwe eni ndalama akaona kuti sanapindule.

Agogo anga aakazi, Amang'anja a kwa Tengani, ankatha kukoka nthano imodzi mpaka moto kuzilala. Akati "Padangotero," ife "Tili tonse," ndiye kanyimbo kamodzi komweko kabwerezedwe kasanu, mtsikana wa m'nthanomo akuyendabe m'nkhalango, ife tulo tikulimbana nato. Palibe ankadandaula, poti tinkadziwa kuti usiku womwewo timva chimene chinamuchitikira, tisanauzidwe zokaphula mbatata pamoto. Akanayerekeza kutisiya mtsikanayo ali pakhomo pa chilombo n'kutiuza kuti zotsalazo chaka chamawa, mawa lake sitikanabweranso pa mphasa pawo.

Ndalama sindinabweze, ndisaname, poti sewerolo sindinalembe ndine, ndipo wobena uja ndinamulipira kale. Tinagwirizana kuti Lamulungu masana ndionetse filimu ya karate ulere, ndipo shedi inadzaza mpaka benchi imodzi kuthyoka mwendo. Anyamata amene ankati sadzapondanso pakhomo panga ndi omwewo akundifunsa tsopano ngati sizoni yachiwiri yatuluka. Wobena mafilimu akuti sanaione paliponse. Mkulu wa bwato uja anadutsa dzulo m'mawa nkhafi ili paphewa, sanaime n'komwe, anangokuwa ali pa msewu kuti, "Aphunzitsi, chitseko chija atsegula?"

Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje