Tisamangovomera mawu akuti "gasi watha"

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za mawu awiri amene amadyera anthu ndalama nyengo yotentha ikafika: "gasi watha." Ine ndine mmisiri wa mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, awa timangoti ma AC, ndipo zimandiwawa kuti anzanga ena pa ntchitoyi asandutsa mawuwa yankho la vuto lililonse. Makina akangosiya kuziziritsa, munthu amatulukira ndi botolo la gasi paphewa, osatsegula n'komwe chivundikiro, n'kuthira, n'kulandira zake, ulendo. Ikangopita miyezi ingapo, mwini nyumba ali pa foni kumuitananso.

Gasi wa mu AC satha ngati mafuta a m'galimoto. Sapsa ndipo sadyeka. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka: kompuresa, pampu ya m'chigawo cha makina chimene chimakhala panja pa nyumba, imamupanikiza, iye amakataya kutentha panja, n'kubwerera m'nyumba kudzatenga kwina. Makina oikidwa bwino amatha zaka zambiri ndi gasi yemwe uja anabwera naye. Ndiye gasi akachepa, pali pamene akutulukira basi, ndipo ntchito ya mmisiri ndi kupeza malowo.

Kupezako sikovuta monga amanenera. Kawirikawiri pamakhala pa manati olumikiza mapaipi a mkuwa, makamaka ngati amene anaika makinawo sanakonze bwino kukamwa kwa paipi kapena anamanga nati mopyola muyeso mpaka mkuwa kung'aluka. Gasi amayenda limodzi ndi mafuta a kompuresa, choncho pamene akutulukira pamaoneka ponyowa ndi mafuta, fumbi litakakamira bii. Ukapakapo thovu la sopo, limafufuma uli kuona. Kabowo kakabisala, timapopera mpweya wa naitrojeni m'mapaipi n'kuyang'ana ngati geji yoonetsa kupanikizika kwake ikutsika. Tikamanga kapena kuwotcherera, sitithamangira kuthira gasi ayi. Timayamba talumikiza pampu yokoka mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipimo, chifukwa chinyezi chikatsalira chimawononga mafuta ndipo kompuresa imafa pang'onopang'ono. Kenako gasi timamuyeza pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pa chikwangwani cha makina a panja aja. Zongogwira paipi ndi dzanja n'kumati "wakwana, wazizira" n'zongopeka. Gasi wopyola muyeso nayenso amapha kompuresa.

Komatu nthawi zambiri gasi amakhala alibe mlandu. Ndinaitanidwapo ku nyumba ina kumene anali atathiritsa gasi kale koma m'chipinda mukadali motentha. Nditakweza chivundikiro, masefa anali atatsekeka ndi fumbi moti kuwala sikunkadutsa, ndipo kumbuyo kwake timapaipi tinali titachita ayezi yekhayekha. Mpweya ukalephera kudutsa, timapaipito timazizira mopitirira mpaka kuundana, ayeziyo n'kutsekeratu njira. Ndinazimitsa makina kuti ayeziyo asungunuke, ndinatsuka masefa ndi madzi, ndipo ataumitsidwa pamthunzi n'kubwezeretsedwa, mphepo yozizira inabwerera. Ayezi angabwerenso chifukwa cha gasi wochepa, n'zoona, koma mmisiri woona mtima amayamba waona sefa asanakhudze botolo.

Kusamala masefa sikufuna ine. Mwini nyumba aliyense angathe kuwasolola kamodzi pa mwezi, kapena kawirikawiri ngati kuli fumbi lambiri. Makina a panja nawo amafuna kupuma. Anthu amawaunjikira katundu, amawatchinga ndi maluwa kuti asaoneke, ena mpaka kuwamangira kanyumba kopanda potulukira mpweya, kenako n'kumadabwa kuti magetsi akutha msanga. Zimitsani magetsi, chotsani masamba ndi zinyalala, tsukani timapepala tachitsulo tokuta mapaipi a makina a panjawo ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuti tisapindike. Madzi akamadontha m'chipinda kutsika ndi khoma, kawirikawiri ndi paipi yotayira madzi imene yatsekeka ndi ndere. Pamenepo palibe cha gasi.

Palinso kachipangizo kena kamene kamanamizira kompuresa. Makina a panja akamangolira kuti mmm koma fani osazungulira, kapena kompuresa ikayesa kudzuka n'kuzimanso, ambiri amauzidwa kuti kompuresa yapsa, agule ina. Pa makina akale osakhala a inveta (a inveta ndi amene kompuresa yake imasinthasintha liwiro), nthawi zambiri wolakwa amakhala kapasita, kachitini kakang'ono kothandiza mota kudzuka ndi kuyenda. Ikafa imatha kutupa pamwamba, ndipo mita yoyezera ya mmisiri imaonetsa pompo kuti mphamvu yake yatsika. Mtengo wake suyandikira n'komwe wa kompuresa. Koma apa ndichenjeze: kapasita imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa ku swichi, ndiye musaigwire ndi manja. Siyirani wodziwa. Chimene inu mungachite ndi kudikira mphindi zitatu kapena zisanu musanayatsenso makina akazima mwadzidzidzi, kuti gasi akhazikike kaye m'mapaipi. Ndiponso kuika rimoti pa 16 sikufulumizitsa kwenikweni kuzizira, kumangochititsa kuti kompuresa isapume. Pa 24 kapena 25 munthu amagona bwinobwino.

Amene makina awo amatenthetsanso nyumba m'nyengo yozizira asadzidzimuke akaona a panja aja akutuluka nthunzi ndi madzi, a m'nyumba ataima kwa mphindi zingapo. Amakhala akusungunula ayezi yemwe wagwira panja, ndipo akatha amayambiranso okha. Ndamvapo wina atauzidwa kuti kumenekonso ndi kutha kwa gasi!

Nkhaniyi sikuthera m'thumba mwa mwini nyumba mokha. Gasi amene amatuluka pa kabowo kosatsekedwa amapita mumlengalenga. R22, wa m'makina akale, amawononga ozoni amene amatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, n'chifukwa chake akuthetsedwa pansi pa pangano la Montreal la 1987. R410A amene anabwera pambuyo pake sawononga ozoni, koma kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 2,000 poyerekeza ndi kilogalamu ya mpweya wa kaboni dayokisaidi, ndipo mgwirizano wa ku Kigali wa 2016 unakonzedwa kuti magasi a mtundu umenewu achepetsedwe. R32 wa m'makina ambiri atsopano ndi wopepukirapo pa mbali imeneyi, koma amatha kuyaka, ndiye wowotcherera ayenera kusamala. Magasiwa sasakanizidwa, ndipo wina salowa m'malo mwa mnzake mwachisawawa. Komabe alipo amisiri amene amathira yemwe ali naye m'botolo tsiku limenelo, osawerenga n'komwe chikwangwani.

Pempho langa kwa owerenga ndi lakuti mmisiri akanena kuti gasi watha, mumufunse kuti, "Watulukira pati? Tandionetsani." Muone ndi maso anu thovu likufufuma. Mufunsenso kuti athira gasi wa mtundu wanji, magalamu angati, ndipo ngati wabwera ndi pampu ndi sikelo. Akayamba kuzemba mafunso amenewa, musamulole kulumikiza botolo lake, itanani wina.

Ine wanu,
Mmisiri wa mafiriji ndi ma AC