Ovota a chipani china nawonso ndi anthu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi cha andale chonena kuti anthu alankhula nthawi zonse chipani chawo chikapambana, chizolowezi chimene chimaonekera poyera makamaka pamene pulezidenti ali wa chipani china pomwe nyumba ya malamulo ili m'manja mwa adani ake pandale. Zimene zachitika ku America m'zaka zapitazi zikusonyeza bwino vutoli.

Mu Febuluwale 2016, jaji wa bwalo lalikulu kwambiri m'dzikolo la Supreme Court, a Antonin Scalia, adamwalira, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Barack Obama adasankha a Merrick Garland kuti alowe m'malo mwawo. Nyumba ya Seneti, yomwe imavomereza majaji, inali m'manja mwa chipani cha Republican, ndipo mtsogoleri wawo, a Mitch McConnell, adakana ngakhale kuti a Garland aitanidwe kukafunsidwa mafunso, ponena kuti ovota ayenera kupatsidwa mpata wosankha pulezidenti amene adzasankhe jajiyo, ngakhale kuti pamene a Scalia ankamwalira chisankho chinali chikadali kutali ndi miyezi pafupifupi 9. Dzina la a Garland lidakhala masiku 293 osakambidwa mpaka nthawi yake idatha. Koma jaji wina wa bwalo lomweli, a Ruth Bader Ginsburg, atamwalira pa 18 Seputembala 2020, Seneti motsogozedwa ndi a McConnell omwewo idavomereza a Amy Coney Barrett kuti alowe m'malo mwawo pa 26 Okutobala, kutatsala masiku 8 okha kuti chisankho chichitike, anthu mamiliyoni ambiri ataponya kale mavoti awo. A McConnell adati nthawi ino zinali zosiyana chifukwa pulezidenti ndi Seneti anali a chipani chimodzi. Kwa ine, yankho limeneli ndi kuvomereza kuti chimene chinkalamulira chinali chiwerengero cha mipando, ndipo dzina la ovota lidangobwerekedwa.

A chipani cha Democratic, chomwe ndi chipani cha a Obama, nawonso manja awo si oyera. Mu 2016 adafuula kuti Seneti igwire ntchito yake, koma mu 2020 adatembenuka n'kuyamba kunena mawu omwe aja a McConnell, akuti anthu asankhe kaye. A Joe Biden a chipanichi, ali wapampando wa komiti ya Seneti yoona za majaji mu 1992, adalangiza kuti Pulezidenti George Bush asasankhe jaji chisankho chisanachitike ngati mpando utapezeka wopanda munthu. A Obama ali senata adavota mokana kukweza malire a ngongole za boma mu 2006, koma atalowa m'boma adadzudzula a Republican pochita zomwezo mu 2011.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mbali zonse ziwiri zimadziwa choonadi. Mu 2012 ovota adabwezera a Obama pampando, ndipo pa chisankho chomwecho a Republican adasunga nyumba ina ya malamulo ya House of Representatives. Pulezidenti adali ndi mphamvu yochokera kwa anthu, aphungu nawonso adali nayo, ndipo palibe mbali imene ikadanena moona kuti ndiyo yokha ikuyankhulira dziko. Chaka chotsatira, chifukwa chokanika kumvana pa bajeti, ntchito zambiri za boma zidaima kwa masiku 16, ogwira ntchito m'boma mazanamazana a zikwi n'kutumizidwa kunyumba.

Pempho langa kwa atolankhani n'lakuti wandale aliyense akayamba kunena za chifuniro cha anthu, mumukumbutse zimene adanena chipani chake chili kotsutsa, ndipo mumufunse ngati angavomere kuti mfundo yomweyo igwire ntchito pa iye akadzataya mpando.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu