Za umbava ndi umbanda, tisamangothamangira kunena kuti ndi magazi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani za umbava ndi umbanda zomwe zikumatuluka mu nyuzi yanu pafupifupi sabata iliyonse. Ine chomwe chikundiwawa kwambiri ndi mayankhidwe athu anthufe. Kavidiyo ka mnyamata wogwidwa akuba foni mu depoti kakangoyamba kuzungulira pa WhatsApp, zolemba za anthu zimakhala zomwezomwezo, wina ndi magazi amenewo bambo akenso anali adzanja lalitali, wina anamuchita ameneyo, wina ziwanda, ndipo ambiri amangoti muvekeni teyala tipume. Ofunsa kuti zinayamba bwanji ndi ochepa kwambiri. Chonsecho yankho lomwe timapereka pa funso limeneli ndi lomwe limatiuza chochita naye munthuyo, ukakhulupirira kuti ndi magazi ndiye kuti watha naye, palibenso chokonza, chotsala ndi petulo ndi machesi basi.

Maganizo oti wakuba amachita kubadwa si athu tokha ayi. Mu 1876 dokotala wina wa ku Italy, Cesare Lombroso, anafalitsa zoti chigawenga umachidziwa pongochiyang'ana. Iyeyu ankayeza zigaza, nsagwada, makutu ndi kutalika kwa mikono ya akaidi nkumati awa ndi anthu otsalira, anabadwa choncho. Anthu ambiri anamukhulupirira mpaka mu 1913 pomwe Charles Goring, dokotala wa ku ndende za ku England, anatulutsa zomwe anapeza atayeza akaidi pafupifupi 3,000 nkuwayerekeza ndi asilikali, ophunzira a ku yunivesite komanso odwala m'zipatala. Nkhope ya umbava sanaipeze. Papita zaka zoposa 100 koma ife mpaka lero mu minibasi timakumbatira chikwama tikaona mnyamata wa madiredi kapena wa chipsera kumaso, pomwe wa suti yemwe wakhala pampando wakutsogolo sitimukayikira olo pang'ono.

Sindikunena kuti thupi lilibe mbali yake. Lili nayo ndithu, kungoti si mmene timaganizira. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akhala akutsatira ana pafupifupi 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali makanda mpaka kukula. Mu 2002 ofufuza Avshalom Caspi ndi Terrie Moffitt ndi anzawo anayang'ana kachinthu kena kotengera kwa makolo kotchedwa MAOA, komwe kamathandiza kuyendetsa timadzi ta mu ubongo. Anapeza kuti anyamata omwe kachinthuka ndi kofooka sankachita zachiwawa kuposa anzawo ngati analeredwa bwino. Vuto limabwera kwa omwe anali nako kofooka komanso anazunzidwa ali ana, amenewo ndi omwe ambiri anadzakhala ovuta. Zili ngati nyumba ya zidina, itha kukhala zaka ndi zaka ili chiimire bola denga ndi labwino, koma mukaisiya pamtetete mvula yamphamvu ndi yomwe imayamba kugwa. Ndiye mukamati make mbuu mwana mbuu muzifunsanso kuti mwanayo anatengera magazi kapena anatengera zibakera zomwe ankaziona ndi kuzilandira pakhomopo.

Palinso nkhani ya chakudya yomwe ine ndimaona kuti ikutikhudza kwambiri kuno. Ku Mauritius, chilumba cha konkuno ku Africa, ofufuza anatenga ana ena a zaka zitatu nkuwaika pa sukulu za mkombaphala zabwino kwa zaka ziwiri, akudya mokwanira, akusewera, akuphunzitsidwa ndi aphunzitsi odziwa ntchito. Atafika zaka 23 anawo ankapalamula mocheperapo poyerekeza ndi anzawo omwe sanapeze mwayi umenewu. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti ana omwe anali operewera zakudya ali ndi zaka zitatu ankavuta kwambiri akamakula. Tsono kuno kwathu kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu ndi opinimbira. Chonde musandimve molakwa, mwana wopinimbira si mbava, ambiri amakula nkukhala anthu abwinobwino. Koma ubongo umamangidwa ndi chakudya, ndipo mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imamuuza munthu kuti dikira kaye uganize, simaliza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Nchifukwa chake kulikonse padziko opalamula ambiri amakhala anyamata achisodzera, ndipo ambiri akakula, akakwatira, akapeza chochita amasiya okha. Onjezanipo kachasu, chamba ndi timowa totchipa tija tomwe mwana wa zaka 14 amagula popanda womufunsa, muona kuti tikuwononga mabuleki a mwana asanakhwime nkomwe.

Za m'maganizo nazo nzosavuta kumva. Albert Bandura mu 1961 ku yunivesite ya Stanford anaonetsa ana munthu wamkulu akumenya chidole, anawo atasiyidwa okha anayamba kuchimenya chimodzimodzi, ena mpaka kutengera mawu omwe wamkuluyo ankalankhula. Mwana amaphunzira ndi maso. Ine ndakhala m'makomboni moyo wanga wonse, nyumba zake zogundizana zoti chochitika kwa aneba umachimva chonse, ndipo ndaonapo kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi katakhala pakhonde usiku kakudikira kuti bambo amalize kumenya mayi kuti kalowe kakagone, osalira, kakungojambula pansi ndi kamtengo. Mwana ameneyo mmawa akapita ku sukulu nkumenya mnzake chifukwa cha pensulo, aphunzitsi amukwapula, kunyumba amukwapulanso chifukwa chochititsa manyazi, ndiye phunziro lomwe akulandira paliponse ndi limodzi, wamphamvu ndi amene amapeza zomwe akufuna. Akadzafika zaka 17 tidzati ndi ziwanda.

Koma chomwe chimandipatsa chiyembekezo ndi zomwe zinachitika ku Liberia, dziko losauka ngati lathu lomwe, lomwenso linadutsa mu nkhondo yoopsa. Mu mzinda wa Monrovia bungwe lina la komweko pamodzi ndi ofufuza monga Christopher Blattman anasonkhanitsa anyamata 999 a mumsewu, akuba, ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ena oti anagwirapo mfuti pa nkhondo. Ena anawaika pa maphunziro a masabata asanu ndi atatu okambirana m'magulu, ena anawapatsa ndalama zokwana madola 200, ena zonse ziwiri, ena sanalandire kanthu kuti pakhale poyerekezera. Maphunzirowo sanali apamwamba ayi, ankaphunzira kuugwira mtima wina akakuputa, kukonza za mawa, kusunga ndalama, kumeta ndi kuvala bwino, kulowa mu banki kapena mu shopu yaikulu ngati munthu wina aliyense osaopa kuti athamangitsidwa. Ndipo ena mwa ophunzitsawo anali anthu oti nawonso anachokera moyo womwewo. Omwe analandira zonse ziwiri, maphunziro ndi ndalama, ndi amene anachepetsa kwambiri kuba ndi ndewu, ndipo atawafufuzanso patatha zaka khumi kusinthako kunali kukuonekabe. Ndalama yokha sinasinthe zambiri kwa nthawi yaitali. Anyamata oterewa ndi omwe ife kuno timati anatheratu awa.

Tsopano za umphawi, apa ndi pomwe timakonda kuthawira tonse. Nzoona njala imabetsa, amene anaona njala ya 2002 akukumbukira mmene anthu ankabera chimanga chosakhwima m'minda ndi nkhanza zomwe ogwidwa ankachitiridwa. Robert Merton, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, mu 1938 anafotokoza bwino kuti vuto limakula pomwe dziko likuuza aliyense kuti ukhale ndi chuma koma njira zolondola zopezera chumacho nzotsekeka kwa ambiri. Taganizani mnyamata wa MSCE yabwino, wafunsira ntchito mpaka nsapato kutha, mpamba wa geni alibe, kabaza ndi wa eni ake ndipo madzulo akapereka ya bwana amatsala ndi ya chigumu, pa Facebook akuona mnzake yemwe ankamuposa mkalasi akujambulitsa pa galimoto yatsopano ndipo aliyense mpaka ku tchalitchi akumupatsa mpando wakutsogolo osafunsa kuti ndalamazo zachokera kuti. Tikumuphunzitsa chani mnyamata ameneyu?

Komabe umphawi pawokha sungafotokoze zonse, ndipo kunena choncho nkunyoza amphawi mamiliyoni omwe amagona ndi njala osakhudza cha mwini. Omwe anasolola mabiliyoni ku Capital Hill pa Cashgate mu 2013, ndalama mpaka kupezeka m'mabuti a galimoto, sanali anjala. Anali ophunzira, apantchito, ovala bwino. Edwin Sutherland, katswiri winanso wa ku America yemwe mu 1939 anayamba kulankhula poyera za umbava wa anthu a m'maofesi, ankati kupalamula munthu amaphunzira kwa omwe amakhala nawo, amaphunzira kachitidwe kake komanso zifukwa zodzikhululukira, zija zoti aliyense akudya, boma si munthu, ukapanda kudya iwe adya ena. Kalaliki watsopano akalowa mu ofesi momwe onse akugawana ma alawansi a misonkhano yomwe sinachitike, pakatha chaka amakhala waphunzira, chimodzimodzi mwana wa mumsewu yemwe akuphunzira kupisa m'thumba kwa akuluakulu ake pansi pa mlatho. Onaninso mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino yemwe anaphedwa ku Machinga mu 2018. Mwa omwe khoti linawapeza olakwa mu 2022 munali wansembe, wapolisi, wachipatala komanso mchimwene wake weniweni. Pamenepo panalibe njala, panali dyera ndi chikhulupiriro chabodza choti mafupa a munthu amabweretsa chuma, chikhulupiriro chomwe chimakula chifukwa anthu ambiri amachinong'ona ndipo ochitsutsa poyera ndi ochepa.

Chinanso chomwe sitikonda kuvomereza nchakuti nthawi zina dzina la umbava timamupatsa munthu ndife, iye nkudzalivala pambuyo. Mayeso Gwanda anali venda wogulitsa majumbo, anamangidwa mu 2015 mbandakucha akupita kukagulitsa ku Limbe, mlandu wake vakabu. Iyeyu analimba mtima nkukasuma, ndipo mu January 2017 High Court inagamula kuti gawo la lamulo lomwe anamumangira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Koma ndi angati omwe anagona m'chitokosi chifukwa chongooneka osauka pa nthawi yolakwika? Ndipo wakuba nkhuku tikamutumiza ku Maula, Chichiri kapena Zomba timaganiza kuti akukaphunzira chani? Khoti linanena kale mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, koma mpaka pano ndende zikusunga anthu ochuluka kuposa omwe zinamangidwira, ena kugona chokhala, kudya kamodzi patsiku, wa mlandu wa nkhuku chipinda chimodzi ndi wa mfuti. Akatuluka kumudzi akumutcha kaidi, ganyu palibe womupatsa, mkazi anakwatiwa kwina, kanthu kakasowa m'mudzi woyamba kugwidwa ndi iyeyo. Anthu okhawo omwe amamulandira ndi manja awiri ndi omwe anadziwana nawo mkati muja.

Ndikudziwa wina awerenga izi nkunena kuti ukuikira kumbuyo mbava chifukwa sizinakuonekere. Ayi ndithu. Mayi yemwe wabedwa mpamba wake wonse wa tomato, ngongole ya banki mkhonde ikumudikira Lachisanu, ululu wake ndi weniweni ndipo wolakwayo alandire chilango. Achifwamba olowa m'nyumba ndi zikwanje, ogwirira ana, amenewo atsekeredwe ndithu. Kumvetsa chomwe chinamufikitsa munthu pamenepo sikumuchotsera mlandu. Koma ngati tikufunadi kuti mayi uja asadzabedwenso chaka chamawa, kuotcha mnyamata mmodzi pa msika sikuthandiza chifukwa komwe anachokera kukubwera ena khumi, komanso tikudziwa kuti ena omwe aphedwa ndi gulu anali osalakwa, ngati agogo anayi aja a ku Neno mu 2016 omwe anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana.

Pempho langa likupita kwa aphungu athu ndi unduna woona za ana komanso a zandende. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limalola kuti mwana wolakwa pa milandu ing'onoing'ono asapite ku khoti koma athandizidwe njira zina, ndiye perekani ndalama kuti zimenezi zizichitikadi m'maboma onse, ndipo malo osungirako ana olakwa ngati Mpemba ndi Chilwa akhale ndi aphunzitsi, alangizi ndi zipangizo zophunzirira ntchito zamanja. Alezi a sukulu za mkombaphala m'midzimu ambiri akugwira ntchito mongodzipereka, aganizireni malipiro ndipo phala lisamasowe. A milandu yaing'ono azipatsidwa chilango chogwira ntchito m'dera mwawo mmalo mowaunjika ku ndende. Ndipo zomwe anachita ku Monrovia zija tiyeseko ku Ndirande, ku Mchesi, ku Chinsapo ndi ku Zolozolo, mipingo ndi mizikiti ili ndi maholo omwe amangokhala otseka mkati mwa sabata, ndipo anthu omwe anatuluka m'ndende nkusintha alipo oti atha kuphunzitsa anzawo. Inunso akonzi, mukamalemba za wogwidwa muzitumako mtolankhani kwawo akafunse kuti sukulu anasiyira kalasi yanji ndipo chifukwa chani, ankakhala ndi ndani, anayamba liti kugona ku depoti, mutilembere zimenezonso.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre