Lipoti la msonkhano wa ngozi za tindege: kwa operekeza alendo kuphiri la Mulanje

A Tcheyamani ndi anzanga nonse a kuno ku Likhubula, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma pa boma paja. Popita ndinkang'ung'udza kuti za ndege zikutikhudza bwanji ife oyenda pansi, koma ndapeza kuti mbali yathu ilimo.

Amene anayankhula zogwira mtima ndi bambo wina woyendetsa ndege. Akuti tindege tambiri timauluka woyendetsa akudalira maso, kuona mapiri ndi misewu. Akangolowa mumtambo thupi limamunamiza, amamva ngati ali chilili pomwe ndege yapendekeka. Ndinakumbukira mmene chiperoni chimatisokeretsera ku Lichenya, njira yoti timaidziwa bwino. Nanga mnzathu ali m'mwamba, Sapitwa wa mamita 3,002 atabisala kutsogolo kwake?

Za ngozi ya ndege ya ku Chikangawa zinatchulidwa, ndipo m'holo munali zii. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inakanika kutera pa Mzuzu chifukwa cha nyengo, n'kugwa ndi Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Inapezeka mawa lake. Akatswiri a ku Germany anapeza kuti kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera kanali ndi batire loti linatha ntchito mu 2004. Apa mpomwe ife tikufunika: mukamva ndege ikulira pansipansi muchifunga kenako n'kungoti duu, sungani nthawi ndi mbali imene yalowera, muimbire apolisi pompo. Osayamba ndi WhatsApp.

China n'chakuti woyendetsa wanzeru akaona kuti kwatseka amatera dala injini ikadali bwino, kaya pabwalo la mpira kaya pamsewu wa esiteti. Imeneyo si ngozi ayi. Amayamba wadutsa chapansi kuyendera malowo, kenako amatembenuka kuti atere moyang'anizana ndi mphepo. Vuto ndi ife, timathamangira pomwepo kukaonerera. Ikamazungulira chotsani ana, mbuzi ndi njinga. Ikaima musayandikire kumaso kwake kufikira chopukusa mphepo chija chitasiya kuzungulira, fodya azimitsidwe chifukwa cha mafuta, ndipo pasapezeke wotola kachitsulo kupita nako kunyumba.

Ndinafunsa ngati angatipatse mawailesi oyankhulirana, poti netiweki kuphiri imavuta. Anangoti alemba. Timapepala ta malangizo ndabwera nato tochepa, ndisiya kwa a Mlembi Loweruka pamodzi ndi chenji cha thiransipoti.