Funso la chilankhulo libwerere pa fomu ya kalembera wa 2028

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi akuluakulu a ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ya National Statistical Office ku Zomba. Kalembera wa anthu ndi nyumba wapitayu anachitika mu Seputembala 2018, ndipo popeza ntchitoyi imabwera pakatha zaka khumi zilizonse, wina tikumuyembekezera mu 2028. Mafunso a pa fomu amakonzedwa kudakali nthawi, ndipo akangolowa m'makina a alembi palibenso wowasintha, n'chifukwa chake pempho langa ndikulipereka lero. Pempholo ndi lakuti funso la chilankhulo chimene munthu amalankhula pakhomo libwererenso pa fomuyo.

Amene analembedwa mu 2018 akukumbukira kuti alembi sanabwere ndi mapepala ngati kale, koma ndi timakina ta m'manja tolembapo mayankho. Anafunsa zaka za aliyense wa pakhomo, sukulu imene analekezera, chipembedzo, ulumali, ana amene mayi anabereka ndi amene ali moyo, maliro amene anagwa pakhomopo, denga ndi makoma a nyumba, kumene banja limatunga madzi, chimbudzi, zophikira, ngakhalenso wailesi ndi njinga. Ena ankanyinyirika kuti mafunso achuluka, koma ndi mafunso omwewo amene anatiuza kuti tinalipo 17,563,749, kuchoka pa anthu 13 miliyoni ndi kanthu mu 2008. Funso limodzi lokha lokhudza anthu achialubino linatulutsa chiwerengero cha 134,636, chomwe chinadabwitsa ambiri chifukwa kale ankangoyerekeza kuti alipo ochepa kwambiri. Chimene sichinafunsidwe chimakhala nkhani ya m'maganizo basi.

Fomu ija inafunsanso mtundu wa munthu. Zotsatira zake zinati Achewa ndi 34.4 peresenti, Alomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4 ndipo Atumbuka 9.2, kenaka Asena, Amang'anja ndi ena onse. Sindikutsutsa funsoli. Vuto ndi lakuti ambiri, kuphatikizapo ophunzira ndi olemba nkhani, amatenga manambala amenewa ngati akunena za zilankhulo, pomwe m'dziko muno mtundu ndi chilankhulo zinasiyana njira kalekale.

Taonani za Alomwe. Kalembera wa 1966 anapeza kuti anthu 14.5 peresenti ankalankhula Chilomwe pakhomo. Pofika 1998, pamene funso la chilankhulo linafunsidwa komaliza, chiwerengerocho chinali chitatsikira pa 2.4 peresenti, pomwe Chichewa chinali pa 57.2, Chinyanja 12.8, Chiyao 10.1 ndi Chitumbuka 9.5. Motero mtundu umene mu 2018 unali wachiwiri kukula m'dziko muno unali ndi chilankhulo chimene zaka makumi awiri m'mbuyomo chinkamveka m'nyumba zochepa zedi. Kuchokera nthawi imeneyo kwabadwa gulu la Mulhako wa Alhomwe, limene limasonkhana ku Chonde m'boma la Mulanje ndipo limalimbikitsa anthu ake kubwerera ku chilankhulo cha makolo awo. Kodi ntchito imeneyi yabala zipatso? Kodi ana a ku Phalombe ndi ku Thyolo akulankhula Chilomwe kuposa makolo awo, kapena chikupitirira kuzimirira? Atsogoleri a gululo angayankhe malinga ndi zimene amaona pa chikondwerero, koma chiwerengero cha dziko lonse palibe amene ali nacho.

Za Angoni ndiye zimachita kuonekeratu. Mngoni wa ku Ntcheu kapena ku Dedza amalankhula Chichewa, wa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, ndipo Chingoni chenicheni chimamveka makamaka m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mafumu. Munthu wokonza mabuku kapena uthenga wa zaumoyo atadalira nambala ya 10.4 ija, sangadziwe kuti alembe m'chilankhulo chiti.

Palinso mwana wobadwa kwa makolo a mitundu iwiri, amene masiku ano ndi wosasowa ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ngakhale m'maesiteti. Kwa Achewa, Alomwe ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi, pomwe kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, kumene kuli malowolo, mwana ndi wa kwa bambo. Mwana wa bambo wa Chitumbuka ndi mayi wa Chichewa mbali zonse ziwiri zimati ndi wawo, koma bambo akakhala wa Chichewa ndipo mayi wa Chitumbuka, mwambo wa mbali iliyonse umamukankhira mbali inayo. Fomu imafuna yankho limodzi, ndipo yankholo limatengera amene mlembi wamupeza pakhomo tsiku limenelo. Funso la chilankhulo lilibe chipwirikiti chotere, chifukwa mayi aliyense amadziwa chilankhulo chimene mwana wake amalirira nacho nsima.

Wina angafunse kuti boma lipindulanji podziwa zimenezi. Tiyambe ndi sukulu. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo chimene anabadwa nacho, kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linatembenuza zinthu n'kuika Chingerezi patsogolo. Mkangano wa njira ziwirizi sunathe, ndipo mbali zonse zimakangana popanda nambala yatsopano yosonyeza kuti ndi ana angati a ku Mangochi, ku Nsanje kapena ku Chitipa amene amalowa m'kalasi tsiku loyamba asakumva Chichewa kapena Chingerezi. Mphunzitsi wotumizidwa ku dera limene chilankhulo chake sachidziwa amaliona vutoli m'mawa uliwonse, koma amene amagawa aphunzitsi ndi mabuku ku likulu alibe pepala lowauza kukula kwake.

N'chimodzimodzi ndi machenjezo a ngozi. Namondwe wa Freddy atagwa m'maboma a kummwera mu Malichi 2023, ndiponso pa mliri wa kolera wa nthawi yomweyo, uthenga unayenera kufika kwa gogo wa kumudzi m'mawu amene sangawamve molakwa. Wailesi ya MBC imaulutsa nkhani m'zilankhulo zingapo, makhoti amalemba ntchito otanthauzira, ndipo bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba limakonza malamulo a kalembedwe ndi mabuku otanthauzira mawu. Onsewa akafuna chiwerengero cha olankhula amabwerera ku 1998, chaka chimene anthu oposa theka la Amalawi a lero anali asanabadwe.

Ndikudziwa kuti nkhani ya zilankhulo ili ndi mabala ake. Chisankho cha 1968 chokweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko chinachotsa Chitumbuka pa wailesi mpaka 1994, ndipo ena amaopa kuti manambala atsopano adzagwiritsidwa ntchito ponyozana kapena pokopa mavoti. Mantha amenewa ndi omveka, koma ngati tinalimba mtima kufunsa mtundu, umene ndale zathu zimaukonda kwambiri, sindikuona chifukwa choopera chilankhulo.

Kafunsidwe kake nako kafunika kusamala. Funsolo lipite kwa munthu aliyense payekha osati kwa banja lonse pamodzi, chifukwa m'nyumba imodzi agogo akhoza kulankhula Chisena pomwe adzukulu amayankha m'Chichewa. Pakhalenso funso lachiwiri la zilankhulo zina zimene munthuyo amatha kulankhula, ndipo chilankhulo cha manja cha anthu osamva chikhale pa mndandandawo. Akatswiri agwirizanenso msanga ngati Chichewa, Chinyanja ndi Chimang'anja zidzawerengedwe padera kapena pamodzi, kuti alembi onse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa adzalembe mofanana. Ndikupempha a National Statistical Office kuti akadzayamba kufunsa maganizo a anthu pa fomu ya 2028, adzaitanenso aphunzitsi a makalasi oyambirira, a wailesi za m'madera ndi magulu a zachikhalidwe, ndipo tsiku lake adzalilengeze poyera.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Luchenza