Ndisiye ndalama kubanki kuti asamandidule, kapena ndikaodere shuga?

Alangizi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndili ndi shopu yopikulitsa katundu pa Chitakale kuno ku Mulanje. Ndimagulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere kwa eni maokala ochokera ku Limbuli, ku Muloza ngakhalenso ku Likhubula. Katunduyu ndimakaoda ku Limbe. Geni ikuyenda ndithu, makamaka anthu a m'maesiteti a tiyi akalandira. Chandilembetsa kalatayi ndi sitetimenti ya kubanki.

Mwezi watha mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 anaitenga sitetimentiyo n'kuyamba kuchonga ndi bolopeni yofiira paliponse pamene banki yadula. Masamba atatu onse anafiira. Kulipira ondigulitsa katundu, adula. Kutapa pa kauntala, adula. Kutumiza ndalama ku banki ina, adula kwambiri. Uthenga wa pafoni wondiuza kuti ndalama yatuluka, nawonso ndi wolipira. Pamwamba pake pali ya mwezi ndi mwezi yosungira akaunti, kenako VAT. Kalikonse pakokha n'kochepa, n'chifukwa chake zaka zonsezi sindinkalabadira. Koma titawonkhetsa inakwana yogulira mabelo angapo a shuga. Tsiku limenelo nsima sinatsike bwino.

Kuchepetsa maulendo a kubanki sindingathe. Makasitomala ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ena amabwera ndi kashi, ndipo kugona ndi ndalama m'shopu ine ayi. Kunyamula kashi pa minibasi mpaka ku Limbe nakonso n'kuika moyo pachiswe. Ndalama yathu yaikulu ndi K5,000 basi, ndiye ya katundu wa lole imodzi imadzadza chikwama, aliyense n'kumakuyang'ana.

Poti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndinapita kukafunsa. Mnyamata wa pa desiki anandilandira bwino, n'kundiuza za akaunti ina ya abizinesi amene ndalama zawo zimalowa ndi kutuluka pafupipafupi. Akuti ndikamasiyamo ndalama yosachepera K5 miliyoni, kumapeto kwa mwezi amawerengera kamphoto malinga ndi ndalama imene yakhala ikugonamo. Kamphotoko sakupatsa m'manja, amangofafanizira zodula zija. Kakachepa, zotsalazo ulipira wekha. Ndinamufunsa kuti nanga kakaposa zodulazo, chotsalacho n'cha ndani? Anamwetulira, n'kunena kuti chimangothera pomwepo. Fomu ndinaitenga koma sindinasaine, ili m'kabati.

Apa ndi pamene mutu wandiimira. K5 miliyoni kwa ine si ndalama yapadera, ndi mpamba weniweni. Ikakhala shuga imazungulira kawiri kapena katatu pamwezi. Komanso sindinaiwale za mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Sabata imeneyo ndinali nditasonkhanitsa ndalama kubanki kudikira kukaoda. Nditafika ku Limbe mitengo inali itasintha kale, ndinabwerako ndi katundu wochepa, pamene mnzanga woyandikana naye shopu amene anali atadzadza zigubu za mafuta anangosintha mitengo pa shelefu. Bambo akunyumba mpaka lero amandikumbutsa. Iwo akuti ndalama yogona kubanki imadyedwa ndi chiswe, bola banki izingodula. Koma iwowo sakhala m'shopu, sitetimenti yofiira ija anangoiona patali.

Ndiye ndithandizeni, Alangizi. Ndiwerengere bwanji kuti ndidziwe chondipindulira, pakati pa zodula zimene ndingapulumutse ndi phindu limene K5 miliyoniyo ikanabweretsa ikanakhala katundu? Nanga tsiku limene ndakaoda zambiri, ndalama n'kutsika kwa masiku awiri okha, mwezi wonsewo ndiye kuti ndaluza, kapena amatenga ya pakatikati? Kodi munthu wa shopu ngati ine angathe kunenerera zodulazi ngati mmene timanenerera pa msika, kapena zimenezo n'za makampani a tiyi okha? Ndipo ndisanasaine, ndi mapepala ati amene ndiyenera kuwapempha kuti zimene anandiuza pakamwa zija ndizione zolembedwa?

Khirisimasi ikubwera, ndipo shuga ndiyenera kuyamba kuunjika mwezi wamawa.

Ine,
Mayi wa shopu, Chitakale, Mulanje