Lipoti la msonkhano wa ku Birmingham wokhudza ma visa a ntchito

A tcheyamani, akomiti ndi abale nonse,

Loweruka lapitali munandituma ku Birmingham kukamva za visa ya Skilled Worker, ija makampani a kuno ku UK amatengera anthu aluso ochokera kunja kwa zaka zowerengeka. Holo inadzaza ndi anzathu a ku Zimbabwe, Nigeria ndi Ghana, Amalawi tinalipo atatu okha. Wotifotokozera anali loya wa za imigireshoni.

Ndiyambe ndi yowawa. Khomo la ntchito ya care linatsekedwa pa 22 July 2025. Munthu amene ali kumudzi sangapemphenso visa yodzasamalira okalamba kuno. Inu amene muli kale m'kati mukhoza kuwonjezera visa kapena kusintha bwana mpaka July 2028. Ndiye ajenti aliyense amene akuuza achibale athu ku Lilongwe kuti atumize ndalama, CoS (chikalata chimene bwana amapereka kuti munthu apemphere visa) ili m'njira, ndi wakuba basi. Mayi wina anaimirira foni ili m'manja, kutionetsa mauthenga a pa WhatsApp. Mng'ono wake anagulitsa puloti kuti alipire ajenti, lero nambala ija sikupezekanso. Mu holo munangoti zii. Loya anabwereza kawiri kuti wolipira CoS ndi bwana, osati wantchito.

Pa ntchito zina zaluso, malipiro ochepetsetsa anachoka pa £26,200 kufika £38,700 mu April 2024, pano ali pa £41,700 pachaka, ndipo ntchito zambiri zikufunika zikhale za digiri. Kwa anamwino njira idakalipo kudzera ku NMC, bungwe lolembetsa anamwino kuno, ndi mayeso ake oyesa luso otchedwa OSCE, koma Malawi ali pa mndandanda wa maiko amene makampani saloledwa kukasakako anamwino. Wofuna azifunsira yekha.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi ichi. Home Office, unduna woona za imigireshoni, ikalanda kampani laisensi yolembera anthu ochokera kunja, wantchito amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze bwana wina, apo ayi alongedze. Masiku 60, ana ali pasukulu, lendi ikudikira! Ndikupempha komiti tikhale ndi kaundula wa makampani amene ali ndi laisensi ndipo akulemba anthu m'madera mwathu, kuti mnzathu zikamugwera tisamayambe kuimbirana mafoni tsiku lomwelo. Ine ndadzipereka kuyamba nawo, koma ndikufuna anthu awiri ondithandiza.

Malisiti a sitima ndapereka kwa amayi msungichuma. Amene muli ndi mafunso mudzandipeze Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.